Kodi buku lakale lokhala ndi tsankho tiliweruze ndi muyezo uti?

Funso

Pagulu lathu lowerenga mabuku tangomaliza *Heart of Darkness* la Joseph Conrad. Ine ndinati bukuli limanyoza anthu akuda, koma mnzanga wina anandidula pakamwa, amvekere si bwino kuweruza buku la zaka zoposa 100 ndi maganizo a lero, poti mlembiyo anali munthu wa nthawi yake. Ena anati ngati lili ndi tsankho tingolitaya. Kodi pali njira yoweruzira mabuku akale popanda kuwalakwira komanso popanda kudzinamiza?

Yankho

Njira ilipo, ndipo imangofuna pensulo, kuleza mtima ndi kudziwa zaka zingapo za m'mbiri. Mnzanuyo wanena zoona pa mfundo imodzi. Palibe amene amalemba buku ali kunja kwa nthawi yake, ndipo mawu ena amene lero amatinyansa m'khutu, kalelo ngakhale anthu a mtima wabwino ankawatchula osadodoma. Amene akuweruza osadziwa zimenezi amawalakwira akufa. Pamene mnzanuyo waphonya m'poganiza kuti nthawi yakale inali ndi mutu umodzi ndi pakamwa pamodzi.

Tikamati "anthu a nthawi imeneyo ankaganiza choncho", tizifunsa kuti anthu ake ati. Kawirikawiri tikunena aja amene anali ndi makina osindikizira, masukulu ndi ndalama zogulira mabuku. Kapolo wa m'munda wa thonje sankasowa munthu wa m'tsogolo woti adzamuuze kuti ukapolo ndi woipa. Olaudah Equiano, amene anakhalapo kapolo, anatulutsa mbiri ya moyo wake ku London mu 1789, ndipo bukulo linasindikizidwa kangapo iye akali moyo. Mu 1792 Mary Wollstonecraft anali atalemba kale kuti akazi amaoneka operewera nzeru chifukwa chomanidwa maphunziro. Frederick Douglass anatulutsa mbiri yake ya ukapolo mu 1845. Ndipo mu 1890, chaka chomwecho chimene Conrad anagwira ntchito pa sitima ya pa mtsinje wa Congo, George Washington Williams, munthu wakuda wa ku America, anayendera dziko lomwelo n'kulembera Mfumu Leopold II ya ku Belgium kalata yapoyera yondandalika nkhanza zimene anthu a mfumuyo ankachitira eni dziko. Muyezo umene mnzanuyo akuutcha wa lero unalipo kale. Chatsopano n'chakuti amene ankaugwira tsopano akumveka.

Nkhani ya Charles Dickens imaonetsa bwino zimenezi. Mu *Oliver Twist*, lomwe linkatuluka m'zigawo kuyambira 1837 mpaka 1839, Fagin, nkhalamba yophunzitsa ana kupisa m'matumba mwa anthu, amangotchedwa "Myuda uja" mobwerezabwereza, ngati kuti mtundu wake ndiwo dzina lake ndiponso gwero la kuipa kwake. Mu 1863 mayi wina wachiyuda, Eliza Davis, analembera Dickens kalata yomudandaulira kuti walakwira Ayuda. Poyamba Dickens anadziteteza, nati pa nthawi ya nkhaniyo zigawenga za mtundu umenewo zinkakhala Ayuda pafupifupi nthawi zonse. Koma mawuwo anamulowa. M'buku lake la *Our Mutual Friend* anaikamo Riah, Myuda wachifundo, ndipo pokonzanso *Oliver Twist* mu 1867 anachotsa mawu oti "Myuda" m'malo ambiri, makamaka m'mitu yakumapeto, n'kuikamo dzina la Fagin. Ngati mwini buku anamva dandaulo n'kulilandira ali moyo, woteteza bukulo lero sangatiuze kuti dandaulolo labadwa dzulo.

Tsopano ntchito yeniyeni. Choyamba n'kusiyanitsa amene akulankhula, chifukwa m'buku la nkhani yopeka mumakhala mawu atatu: a mpangankhani (munthu wa m'nkhaniyo), a wofotokoza nkhani, ndi a bukulo lenilenilo, amene amamveka m'kayalidwe ka nkhani yonse. Mikangano yambiri imayamba chifukwa chosakaniza atatuwa. Mpangankhani akalankhula zonyansa sizitanthauza kuti buku likugwirizana naye. Mlembi amene akufuna kuonetsa kuipa kwa tsankho ayenera kuika munthu watsankho pa tsamba, n'kumulola alankhule mmene anthu otero amalankhulira.

*Adventures of Huckleberry Finn* la Mark Twain, lotuluka mu 1884 ku Britain ndi mu 1885 ku America, ndi pophunzirira pabwino. Liwu lija lotukwana anthu akuda a ku America limapezekamo maulendo oposa 200. Koma onani mmene Twain amaligwiritsira ntchito m'mutu 32. Huck, mnyamata wachizungu amene akufotokoza nkhaniyo, akupeka bodza loti sitima imene anakwera inachita ngozi. Mayi Sally, amene Huck wafikira pakhomo pawo, akufunsa ngati pali amene anavulala, Huck akuyankha kuti ayi, kungoti pafa munthu wakuda mmodzi, ndipo mayiyo akuti ndi mwayi ndithu, poti nthawi zina pa ngozi zotere anthu amavulala. Mayi wokoma mtima, wopembedza, sakuwerengera munthu wakuda pagulu la anthu, ndipo sakudziwa n'komwe kuti wanena chinthu choopsa. Owerenga ndiye akudziwa, chifukwa wayenda ndi Jim, kapolo amene anathawa limodzi ndi Huck, pa mtsinje masamba ambirimbiri ndipo wangoona Huck m'mutu 31 akung'amba kalata yomupereka Jim, atasankha kukapsa ku gehena m'malo mogulitsa bwenzi lake. Apa tsankho ndi la ampangankhani, buku likulitsutsa.

Komabe buku lomwelo silituluka loyera. M'mitu yomaliza Tom Sawyer, mnzake wa Huck, akusandutsa kuthawa kwa Jim kukhala masewera a ana, akumuzunza ndi njoka ndi makoswe m'kanyumba kamene watsekeredwa, pamene akudziwa bwino kuti Jim anamasulidwa kale. Jim amene tinamuona ali ndi ulemu wake, uja anadzudzula Huck m'mutu 15 mpaka mnyamatayo anapepesa, akubwerera kukhala choseketsa. Akatswiri amasiyana maganizo pa mitu imeneyi. Ena amati Twain akunyogodola mmene America inachitira ndi anthu akuda atamasulidwa, ena amati anangotaya chingwe cha nkhani. Mfundo kwa inu ndi yakuti buku limodzi likhoza kuona bwino pa tsamba ili n'kukhala lakhungu pa tsamba linalo, ndipo woweruza wabwino amatchula tsamba lake.

Nanga mawu a buku lenileni timawamva bwanji? Apa m'pamene pensulo imagwira ntchito. Powerenga, lembani m'mphepete mayankho a mafunso ochepa okhudza gulu la anthu limene mukukayikira kuti lanyozedwa. Ndi angati amene ali ndi mayina? Ndi angati amene amalankhula chiganizo chathunthu, ndipo amalankhula kangati? Kodi wofotokoza nkhani amalowa m'mutu mwa mmodzi wa iwo n'kutiuza zimene akuganiza, kapena amangowaonera patali? Amawayerekezera ndi chiyani: nyama, ana, mithunzi, gulu lopanda nkhope? Pamapeto pa nkhani, ndani walangidwa, ndani wapatsidwa mphoto, ndipo zochitika zatsimikizira maganizo a ndani? Funso lomalizali ndi lolemera kuposa onse. Mpangankhani akanena kuti anthu a mtundu wakuti ndi akuba, ndiyeno m'buku monse munthu aliyense wa mtunduwo n'kubadi, pamenepo walankhula ndi mlembi, chifukwa ndiye anasankha zoti zichitike.

Kenako yesani kuchotsa. M'maganizo mwanu fufutani tsankholo muone ngati nkhani ikuimabe. M'mabuku ambiri akale mupeza chiganizo chimodzi chonyoza, mwina wamalonda wachiyuda wotchulidwa mongodutsa kapena wantchito wakuda woseketsa, chimene mungachichotse nkhani osagwedezeka. Limenelo ndi banga pakhoma. N'loyenera kulitchula, koma silifotokoza nyumba yonse. M'mabuku ena tsankho ndi mzati, ukauzula denga limagwa. *Gone with the Wind* la Margaret Mitchell ndi lotero. Chisoni chonse cha bukulo chakhazikika pa maganizo oti moyo wa m'minda ya akapolo kumwera kwa America unali wokoma ndi wadongosolo, kuti akapolo okhulupirika ankaukonda, kuti omasulidwa anasanduka aulesi kapena oopsa, ndiponso kuti gulu la Ku Klux Klan, la azungu oopseza ndi kupha anthu akuda, linkateteza anthu osalakwa. Mukachotsa zimenezi, theka la zimene bukulo likulirira zimasowa.

Buku lomweli likutifikitsa pa cholakwika chimene anthu ambiri amachita, kusokoneza chaka chimene nkhani ikuchitikira ndi chaka chimene inalembedwa. Nkhani ya Mitchell ikuchitika pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America ya 1861 mpaka 1865 ndi zaka zotsatira, koma bukulo linatuluka mu 1936, patatha zaka zoposa 70 ukapolo utathetsedwa. Chaka chimodzi m'mbuyo mwake, mu 1935, W. E. B. Du Bois anali atatulutsa *Black Reconstruction in America*, buku lalikulu lotsutsa ndi umboni nthano yomweyo imene Mitchell anaikongoletsa. Ampangankhani ake angakhululukidwe poganiza ngati anthu a 1865. Mlembi ayenera kuyezedwa ndi 1936. Choncho musanayambe mkangano uliwonse, tsegulani tsamba lakumayambiriro muone chaka chimene buku linasindikizidwa koyamba, kenako fufuzani zinthu ziwiri: malamulo a dzikolo ankati chiyani pa nkhaniyo chaka chimenecho, ndipo ndani anali atalemba kale zotsutsa. Mlembi amene anali patsogolo pa anzake, amene anali pakati pawo, ndi amene anatsalira m'mbuyo mwadala, sangalandire chigamulo chofanana.

Palinso tsankho losalankhula, lomwe pensulo siligwira msanga. Mu *Mansfield Park* la Jane Austen, la 1814, chuma cha banja la Bertram chimadalira munda wa ku Antigua, ndipo Fanny, mtsikana woleredwa m'banjalo, atafunsa za malonda a akapolo m'nyumba munangoti zii. Britain inali italetsa malondawo mu 1807, koma ukapolo weniweniwo m'madera ake unadikira lamulo la 1833. Katswiri wa zolemba Edward Said anaunika zimenezi mu 1993, ndipo mpaka lero owerenga amakangana ngati chetelo ndi la Austen kapena Austen akuonetsa manyazi a banjalo. Mu *Jane Eyre* la 1847, Bertha, mkazi wochokera ku Jamaica wotsekeredwa m'chipinda chapamwamba, amafotokozedwa ngati chilombo ndipo sapatsidwa mpata wonena mbali yake. Jean Rhys, wobadwira ku Dominica, anamupatsa mawu mu *Wide Sargasso Sea* mu 1966. Nthawi zambiri yankho lamphamvu kwa buku lakale limakhala buku lina. Chinua Achebe nayenso ananena kuti chimodzi mwa zimene zinamukankha kulemba chinali kuwerenga *Mister Johnson* la Joyce Cary, la 1939, n'kulephera kuzindikira Mnigeria amene ali m'menemo.

Zimene zimasokoneza makambirano ngati anuwo n'zodziwika. Wina amabweretsa ndime imodzi yonyansa yozulidwa pakati pa buku, osanena amene akulankhula, ndipo amene sanawerenge amagamula pompo. Wina amabweretsa mbiri ya moyo wa mlembi ngati kuti yathetsa nkhani. Makalata ndi zochita za mlembi zimathandiza pamene tsamba likumveka pawiri, koma sizilowa m'malo mwa tsambalo: anthu oipa analembapo mabuku oona bwino, anthu abwino analembapo mabuku akhungu. Harriet Beecher Stowe ankadana ndi ukapolo ndi mtima wonse ndipo *Uncle Tom's Cabin* la 1852 linautsa anthu ambiri kuti audane nawo, komabe James Baldwin mu 1949 anaonetsa kuti anthu akuda a m'bukulo aumbidwa kuti azichititsa chisoni m'malo mokhala anthu athunthu.

Cholakwika chachikulu kuposa izi n'kusakaniza mafunso atatu osiyana. Loyamba: kodi bukuli lili ndi tsankho, pati, lozama bwanji? Limeneli limayankhidwa ndi umboni wa pa tsamba. Lachiwiri: kodi mlembi ali ndi mlandu wochuluka bwanji? Apa ndi pamene nthawi yake imalowa, ndipo apa pokha m'pamene mawu a mnzanu ali ndi ntchito. Lachitatu: kodi ine ndiliwerenge, ndilikonde, ndilipereke kwa mwana? Limeneli ndi la munthu payekha. Mnzanu akuyankha funso lachiwiri pamene inu munafunsa loyamba, ndipo aja akuti mulitaye alumphira lachitatu. Nthawi ikhoza kupeputsa mlandu wa mlembi, koma siisintha zimene zalembedwa. Ndipo owerenga amene mtundu wake ndi umene ukuyerekezeredwa ndi nyama asauzidwe kuti akukokomeza. Iye akumva chinthu chimene chilimo m'buku, ndipo kawirikawiri amachiona msanga kuposa ena onse pagulupo.

Mumvanso ena akuti nafenso adzukulu athu adzatiweruza, choncho tikhale chete. Adzatiweruzadi, ndipo adzachita bwino. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, nzeru nazonso sizithera m'badwo umodzi. Phindu la mfundo imeneyi n'kutiletsa kudzitama powerenga, kuti tisamatsegule buku lakale n'cholinga chongodzimva kuti ndife abwino kuposa akufa. Koma siyitimanga pakamwa. Ndipo muyezo womwewo uzigwiranso alembi amene timawakonda. Mu *Things Fall Apart* la 1958, Okonkwo akumenya mkazi wake Ojiugo ndipo wansembe akumulipitsa, koma mlandu wake ndi woti waswa sabata ya mtendere. Owerenga watcheru afunsa ngati Achebe akungoonetsa mmene mudziwo unalili kapena nayenso akuwaika akazi kumbali, ndipo akatswiri a zolemba za akazi a mu Africa akhala akufunsa zimenezi kwa zaka zambiri. Kufunsa kotero sikulichotsera bukulo ulemu wake.

Chinthu china chimene ambiri sachiganizira: onetsetsani kuti nonse mukuwerenga buku limodzi. Mabuku akale amasinthidwa. Mu *Charlie and the Chocolate Factory* la 1964, antchito a mu fakitale anali anthu akuda aafupi otengedwa ku Africa, ndipo Roald Dahl mwini wake anawasintha mu 1973 anthu atadandaula. Buku lina lotchuka la Agatha Christie linatuluka ku Britain mu 1939 ndi mutu wokhala ndi liwu lotukwana lija, ndipo ku America linatuluka mu 1940 ndi mutu woti *And Then There Were None*. Mu 2011 kampani ya NewSouth Books inasindikiza buku la Twain lija itachotsa liwulo n'kuikamo lotanthauza kapolo, ndipo mu 2023 kampani ya Puffin inasintha mawu ambiri m'mabuku a Dahl iye atamwalira kale. Munthu amene wawerenga losinthidwa anganene moona mtima kuti sanaonemo vuto. Kwa akuluakulu, kusintha kwa mwakachetechete kotere n'kolakwika, chifukwa kumabisa umboni ndipo kumamuveka mlembi ukhondo umene analibe. Kumasokonezanso tanthauzo: m'mutu 6 wa buku la Twain, bambo ake a Huck akulalata chifukwa cha munthu wakuda wophunzira, mfulu, amene amaloledwa kuvota kwawo, ndipo liwu loti kapolo silingakhale pa munthu amene mkwiyo wonsewo wabwera chifukwa si kapolo. Chabwino ndi buku lathunthu lokhala ndi mawu oyamba ndi mawu a m'munsi ofotokoza. Kwa ana aang'ono nkhani ndi ina, popeza mwana sasiyanitsa mawu a mpangankhani ndi a buku; pamenepo wamkulu awerenge yekha kaye, asankhe kudikira kapena kuwerenga limodzi ndi mwanayo n'kumaima pofunika kufotokoza.

Tibwerere kwa Conrad. Bukulo linatuluka m'magazini ya Blackwood's mu 1899, pamene Congo inali chuma cha Leopold II payekha, zaka zisanu lipoti la 1904 la Roger Casement, loulula nkhanza za ku Congo, lisanatuluke. Pa funso la nkhanza, Conrad anali patsogolo pa ambiri a ku Ulaya. Marlow, woyendetsa sitima amene akufotokoza ulendowo, akuona amuna omangidwa unyolo m'khosi, akuona ena atagona pamthunzi kudikira imfa atatheratu ndi ntchito, ndipo akunena poyera kuti kulanda dziko kwa anthu chifukwa cha khungu lawo si chinthu chokongola. Zimenezi muvomereze pamaso pa mnzanu, chifukwa n'zoona.

Kenako tulutsani pensulo. Palibe munthu wakuda ndi mmodzi yemwe amene ali ndi dzina. Amene amalankhula mawu omveka ndi owerengeka, ndipo odziwika kwambiri ndi mkulu wa antchito a pa sitima amene akupempha kuti amupatse anthu adye, ndi mnyamata wolengeza imfa ya Kurtz, mzungu wosonkhanitsa minyanga ya njovu amene Marlow anapita kukamutenga. Wosonkhezera moto pa sitima akuyerekezeredwa ndi galu wovala buluku amene akuyenda ndi miyendo iwiri. Oteteza bukuli amati zonsezi ndi maso a Marlow, poti Conrad anaika wofotokoza wina wopanda dzina amene akumvetsera Marlow ali m'bwato pa mtsinje wa Thames. Achebe, polankhula pa yunivesite ya Massachusetts ku Amherst mu 1975, anayankha kuti Conrad sanasiye paliponse poti owerenga aimepo n'kuona mosiyana ndi Marlow. Yerekezani ndi Twain, amene anatipatsa Jim kuti tiyezere Mayi Sally. Mwa Conrad mulibe Jim. Mukayesa kuchotsa, mupeza kuti uwu ndi mzati: kugwa kwa Kurtz kumayezedwa ndi mmene wafananira ndi anthu omuzungulira, ndiye kuti bukulo likufuna Africa akhale mdima kuti nkhani yake iyende.

Achebe anafika ponena kuti buku lochotsera gawo la anthu umunthu wawo silingatchedwe luso lalikulu. Mukhoza kusiyana naye pamenepo n'kuliwerengabe, popeza ndi mabuku ochepa amene amaonetsa bwino chonchi mmene munthu angadane ndi chikwapu koma osamuona womenyedwayo ngati mnzake. Pa msonkhano wotsatira, werengani mokweza ndime ya amuna a unyolo, kenako ya wosonkhezera moto, ndipo pambali pake muike kalata ya Williams ya 1890, imene inachokera pa mtsinje womwewo chaka chomwecho. Williams anatchula nkhanzazo ngati milandu yochitiridwa anthu amene ali ndi dziko, mafumu ndi ufulu wawo, ndipo iyeyo anali munthu wa nthawi ya Conrad.